UKWATI WA CHIPALE CHOFEWA: KONGOLETSANI, KOMA ALENDO AONANE

 Lero tikambe nkhani imene yayamba kumveka kwambiri m'makomiti a maukwati. Mkwatibwi atumiza chithunzi pa WhatsApp: holo yonse yoyera kuti mbuu, nthambi zasiliva, makandulo osawerengeka, ndi tinyenyezi ta chipale chofewa tikulendewera kudenga. Pansi pa chithunzicho alemba chabe kuti, "Ine ndifuna choncho." Pa chizungu ati winter wonderland, ena ati snowflake theme. Akomiti ayang'anana, asungichuma ayamba kukanda mutu.

Ine sinditsutsa ukwati wa mtundu umenewu. Ndi wokongola ndithu, ndipo munthu akhoza kuupanga bwino ndi ndalama zochepa. Koma maganizo anga ndi awa: chilichonse chimene muika pa tebulo la ukwati chiyenera kutumikira munthu amene akhala pa tebulolo. Ngati chimubisira nkhope ya mnzake, ngati chimugwetsa, ngati chimusiya akunjenjemera ndi mphepo, kapena ngati chisiya akwati mu kaloba, chichotseni olo chikhale chokongola bwanji. Zonse zimene ndilembe pansipa zichokera pa mfundo imodzi imeneyi.

Tiyambe ndi kudziwa chinthu chimene tifuna kutengera. Ambiri a ife tidziwa matalala, aja olimba ngati miyala amene ang'amba masamba a chimanga nthawi ya mvula. Chipale chofewa ndi china. Chiyamba pamene nthunzi ya madzi m'mitambo yozizira kwambiri iuma pa kafumbi kakang'ono, nkuyamba kumera timanja. Chikugwa pang'onopang'ono ngati nthenga, chilibe phokoso. Madzi akauma amadzipanga m'mbali zisanu ndi imodzi, ndiye chifukwa chake kanyenyezi kalikonse ka chipale kali ndi timanja 6. Si 5 ngati nyenyezi ija tijambula kusukulu, si 8 ayi. Ndipo kanyenyezi kamodzi pakokha sikoyera, kaoneka ngati galasi. Tiyera tikaunjikana tambiri, chifukwa kuwala kugunda pa tonse nkubwerera m'maso mwathu.

Anthu anayamba kale kudabwa nato. M'chaka cha 1611 Johannes Kepler, katswiri wa za nyenyezi amene anali kukhala ku Prague, analemba kabuku kofunsa chifukwa chimene chipale chili ndi ngodya 6. Mu 1885 mlimi wina wa ku Jericho m'chigawo cha Vermont ku America, dzina lake Wilson Bentley, anakwanitsa kujambula kanyenyezi kamodzi polumikiza kamera ndi maikulosikopu. Anapitiriza ntchitoyo mpaka imfa yake mu 1931, najambula zithunzi zoposa 5,000, ndipo sanapezepo tiwiri tofanana. Pambuyo pake Ukichiro Nakaya wa ku Japan, mu 1936, anapanga tinyenyezi timeneti m'chipinda chofufuzira, nasonyeza kuti maonekedwe ake atsatira kuzizira ndi chinyezi cha mpweya umene kanyenyezi kadutsamo potsika. Kalikonse katsika njira yakeyake, ndiye kamera mwakemwake.

Manje taonani zimene tigula m'masitolo: paketi ya tinyenyezi ta pulasitiki, tonse totuluka m'chikombole chimodzi, tofanana ngati mabatani a yunifomu, tina mpaka timanja 8. Mwalipira ndalama kugula chinthu chimene chataya zizindikiro zonse ziwiri za chipale chenicheni. Pamene pepala wamba loyera ndi sizasi zikupatsani timanja 6, ndipo palibe tiwiri tidzafanane, chifukwa manja odula ndi osiyana.

Kadulidwe kake nkosavuta. Tengani pepala la mbali zinayi zofanana. Lipindeni kuchokera pangodya kufika pangodya kuti likhale la makona atatu. Pindaninso pakati kachiwiri. Tsopano gwirani nsonga ija ya pakati pa pepala iloze pansi, mupinde mbali ya kumanja ndi ya kumanzere kuti zigawe pepalalo patatu mofanana, ina pamwamba pa inzake. Pamwamba patsala timichira tiwiri, tiduleni. Kenaka dulani timabowo m'mbali zonse ziwiri, osadula mbali yonse kuti lingagawike. Mukatambasula, timanja 6 tayima. Ikani kansalu pamwamba, musite pang'ono kuti liwongoke, mumange ndi ulusi wa nayiloni uja woweza nsomba, mupachike motalika mosiyanasiyana. Aitaneni a line-up onse Loweruka lina akamaliza kuphunzira masitepu kwa a matron, aliyense adule khumi. Holo yadzaza, ndipo ana aja adzalozerana kuti kanga ndi ako.

Ndidziwa kuti akuluakulu ena atsutsa. Ati izi nzachilendo, ife chipale tinachionera kuti? Amayi ndi abambo anga, funso lanu ndi labwino, koma kumbukirani kuti diresi loyera limene munakwatira nalo nalonso linabwera ndi sitima. Linatchuka chifukwa cha Mfumukazi Victoria, amene anakwatiwa ndi Prince Albert pa 10 February 1840 mu Chapel Royal ku St James's Palace, m'nyengo yozizira yomweyi, atavala siliki woyera ndi lesi wa ku Honiton. Isanafike nthawi imeneyo akwatibwi ambiri anali kuvala chabe diresi lawo labwino koposa, la mtundu uliwonse. Keke ya masitepe, chophimba kumaso, mphete, zonsezi tinalandira nkuzisandutsa zathu, mpaka tinawonjezapo kamwana kovina ndi mpeni. Ndiye kukana chinthu chifukwa chakuti nchachilendo si mfundo yolimba. Funso labwino ndi lakuti, kodi chinthuchi chigwira ntchito yanji pamalo pamene tachiika?

Achinyamata nawonso ali ndi mawu awo. Ati tsikuli ndi lathu, libwera kamodzi, tisiyeni. Ambiri a iwo anakula ndi filimu ya Frozen imene inatuluka mu 2013, ndipo maso awo anazolowera buluu ndi siliva. Palibe cholakwa. Koma mwana wanga, chithunzi chimene waona pa Pinterest chinajambulidwa holo ilibe munthu, mbale zilibe chakudya, makandulo angoyatsidwa kumene. Ukwati wako udzakhala ndi agogo ofuna kuona amene akulankhula, ana othamanga pakati pa matebulo, ndi supu ya nkhuku. Kongoletsa holo imene muli anthu.

Kwa inu amene mumangira ukwati ku England kapena ku Scotland mu December kapena January, dziwani kuti mdani wanu woyamba ndi mdima. Pakati pa December dzuwa ku London lituluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndipo lilowa isanakwane 16 hours. Usana sukwana maola 8, pamene ku Lusaka mwezi womwewo tili ndi usana wa maola pafupifupi 13. Kumpoto, ku Edinburgh, mdima ufika msanga kuposa apo. Ukwati umene uyamba pa 14 hours, nkuchedwanso mwa chikhalidwe chathu chija, udzatuluka m'tchalitchi kunja kuli bii, zithunzi za pabwalo zatha. Ikani mapemphero cha m'ma 12 hours. Ndiponso musalonjeze achibale ochokera kuno kuti adzaona chipale chenicheni. Kum'mwera kwa England chigwa mwa apo ndi apo, ndipo mwayi wake ndi waukulu mu January ndi February kuposa December. Kawirikawiri chimene mudzapeza ndi kamvula kowaza ndi mphepo.

Pa chifukwa chimenechi, ndalama yoyamba ya zokongoletsa ipite ku kuwala. Pogula timagetsi tating'ono tija ta pa waya, werengani pa bokosi. Tengani tolembedwa warm white, towala mofiirira pang'ono ngati nyali. Tija ta cool white tiwala mwa buluu, ndipo mu holo yoyera kale tichititsa malo kuoneka ngati wodi ya chipatala, nkhope za anthu nkutuwa pa zithunzi. Cha pakati pa tebulo chotsika mtengo koposa ndi ichi: sonkhanitsani mabotolo a jamu ndi a mayonezi, muwatsuke, muchotse mapepala. Pakani guluu woyera wa mapepala kunja kwake, muwagubuduze mu mchere wa Epsom kapena mchere wamiyala wosinja pang'ono, muwasiye aume usiku wonse. Botolo lioneka ngati lagwidwa ndi chisanu. M'kati ikani kandulo ya batire. Maholo ambiri obwereka salola moto weniweni, ndiye funsani musanagule makandulo a sera. Pansi pa mabotolo atatu otalika mosiyana ikani kagalasi kodziyang'anira kathyathyathya, kuwala kuwirikize. Mcherewo upakeni pafupi ndi tsiku, chifukwa ukakhala masabata ambiri uyera ngati choko nkuyamba kuyoyoka.

Tsopano msinkhu. Apa ndi pamene maukwati ambiri alakwa. Muona chimtsuko chachitali pakati pa tebulo, chodzaza nthambi ndi mipira yasiliva, ndipo apongozi a mbali iyi saona apongozi a mbali inayo kuyambira pemphero lotsegulira mpaka keke. Ukwati ndi tsiku limene mabanja awiri aphunzirana nkhope. Ena angokumana tsiku lomwelo, ena auluka maola ambiri kuti afike. Odziwa ntchito ya maluwa ali ndi muyeso: cha pa tebulo chisapitirire masentimita 30, kapena ngati mufuna chachitali, chikhale pa kamtengo koonda ndipo maluwa ake ayambire pamwamba pa masentimita 60. Ngati mulibe tepi, khalani pampando, ikani chigongono pa tebulo, imikani mkono. Chimene chapitirira nkhonya yanu chatalika. Musayese muli chiimire, chifukwa mlendo adzakhala pansi. Siyaninso malo a mbale, a jagi ya madzi ndi a zigongono za anthu.

Zazitali zili ndi malo ake: pakhomo, m'mbali mwa makoma, ndi kumbuyo kwa high table. Nthambi zouma zopanda masamba, zopaka penti yoyera yamadzi, zoimika mu ndowa ya mchenga yokutidwa ndi nsalu, zioneka ngati mitengo ya m'nyengo yozizira. Zunguliranimo timagetsi, mupachikepo tinyenyezi ta pepala. Ndowa ikhale yolemera kuti mwana akaigunda isagwe. Pa matebulo yalani timphukira ta paini kapena ta bulugamu, ndi zibalobalo zouma za paini zopaka penti yoyera kunsonga chabe. Musapake zonse. Mtundu wa mtengo ukaonekera pansi ndi pamene choyera chioneka ngati chagwerapo kuchokera kumwamba.

Zoyera zokhazokha zitopetsa maso. Olo kunja kumene chipale chagwa kwenikweni, chimene chikongola ndi mtengo wobiriwira, khomo lofiira, ndi windo loyaka nyali pakati pa kuyerako. Choncho sankhani mtundu umodzi wamphamvu woti uyende ndi zoyera. Apa chitenge chathu chilowa bwino kwambiri. Kansalu kopapatiza ka chitenge cha buluu wakuda kapena chofiirira, koyala pakati pa tebulo loyera, kauza mlendo aliyense kuti ukwatiwu ndi wa ana a kwathu ngakhale uli ku Leeds. Mamita 6 a chitenge chimodzi, mukawadula m'litali, akwanira matebulo angapo, ndipo alowa m'chikwama cha azakhali amene akubwera ndi ndege. Kumbukiraninso kuti nsalu zoyera zobwereka zikathimbirira ndi supu kapena sera, eni ake adula pa ndalama ya chikole. Kachitenge pakati, pamene pakhala mbale za ndiwo, kateteza nsaluyo.

Za maluwa, musaumirire maluwa amene si a nyengo yake. Mu December minda ya ku Britain ili mtulo. Marozi oyera amene muona m'sitolo abwera ndi ndege kapena galimoto, ambiri kudzera pa msika waukulu wa maluwa wa ku Aalsmeer ku Netherlands, ndipo ochuluka alimidwa ku Kenya m'mbali mwa nyanja ya Naivasha. Mafamu ena ozungulira Lusaka nawonso atumiza marozi ku Ulaya. Ife a pamsika tidziwa kuti katundu woyenda mtunda wautali, pa nyengo imene aliyense amufuna, sakhala wotchipa, ndipo sabata ya Khirisimasi ndi imodzi mwa nyengo zimenezo. Duwa limene ligwira ntchito yaikulu pa ndalama yochepa ndi gypsophila, lija ena ati baby's breath, la timaluwa ting'onoting'ono toyera. Kamtolo kamodzi mu botolo kaoneka ngati chipale chagwera pa udzu, ndipo likauma silisintha kwambiri. Marozi asungireni mkwatibwi m'manja ndi pa high table.

Pali zina zimene ine ndinena kuti zisalowe nkomwe mu holo. Choyamba ndi chipale chabodza cha ufa chija chofufuma ukathira madzi. Ndi mankhwala a mtundu umodzi ndi amene ali m'matewera otaya a ana. Chikagwera pansi pa matailosi chiterera ngati therere, ndipo agogo akathyoka chiuno pa ukwati wanu palibe amene adzakumbukira kukongola kwa holo. Chachiwiri ndi glitter womwaza pa tebulo. Auluka nkulowa m'chakudya, m'maso mwa ana, m'tsitsi, ndipo satha kusesedwa. Maiko a European Union analetsa kugulitsa glitter wa pulasitiki womwazika kuyambira mu October 2023, chifukwa tizidutswa take tithera m'mitsinje ndi m'nyanja. Chachitatu, thonje, mapepala ndi nthambi zouma za paini zisayandikane ndi lawi la moto, zigwira msanga. Chachinayi, timbewu tofiira ta holly ndi toyera ta mistletoe, timene azungu akongoletsera nato pa Khirisimasi, tili ndi poizoni. Mwana aona ngati maswiti. Ngati mutigwiritsa ntchito, tikhale pamwamba pamene dzanja la mwana silifika.

Ndipo chokongoletsa china chimene ambiri aiwala ndi kufunda. Matchalitchi akale a miyala a ku England azizira kufika m'mafupa. Ikani dengu pakhomo lodzaza timabulangete toyera kapena totuwa, topinda bwino ndi kumanga ndi riboni. Likongoletsa pakhomo, ndipo amayi okalamba amene afika kuchokera ku Chipata sabata yomweyo adzakudalitsani. Konzani malo opachika majekete kuti asaunjikane pa mipando nkubisa zonse zimene mwavutikira. Alendo akalowa mu holo apeze tiyi wotentha kapena koko, asayambe ndi zakumwa za mufiriji. Atsikana a line-up asokereni tokutira pamapewa. Mtsikana wonjenjemera samwetulira pa chithunzi.

Musanagule kalikonse ka m'tchalitchi, kaonaneni ndi abambo wansembe ndi amayi osamalira maluwa. Adventi iyamba Lamulungu lachinayi isanafike Khirisimasi, mtundu wake ndi wapepo, ndipo ndi nyengo yodikira modzichepetsa. Maparishi ambiri saika maluwa pa guwa nthawi imeneyi, ena alola pa ukwati koma afuna muchotse Lamulungu lisanafike. Musafike ndi galimoto yodzaza nthambi zasiliva musanapemphe. Koma taonani mwayi uli apa: Khirisimasi ikafika, tchalitchi chikhala chokongoletsedwa kale ndi mpingo, mtundu wake ndi woyera, mtengo uli chiimire, makandulo ndi zobiriwira zili m'malo. Zimenezi zikhala mpaka Epifania pa 6 January, ndipo m'maparishi ena zina zitsala mpaka pa 2 February. Amene amanga ukwati m'masiku amenewo apeza theka la ntchito yachitika. Funsaninso za timapepala towaza akwati potuluka. Matchalitchi ambiri alola chabe toola tokha, monga masamba ouma a maluwa, ndipo ena afuna muwazire kunja kwa geti.

Nanga amene mufuna ukwati wotere kuno kwathu? Mu December ndikuti ganizani kawiri. Ndi nthawi ya mvula ndi kutentha. Mapepala alefuka ndi chinyezi, mchere wa pa mabotolo uyamwa madzi, kapeti yoyera m'tenti isanduka ya matope alendo khumi oyamba akangodutsa. Anthu akupukuta thukuta uku pamwamba pawo palendewera chipale, zimakhala ngati sewero. Nyengo yathu yozizira ndi June ndi July. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa July umaluma ndithu. Chipale sichigwa kuno. Kum'mwera kwa Africa chigwa chaka ndi chaka m'mapiri a ku Lesotho, ndipo pa 10 July 2023 chinagwa ku Johannesburg anthu nkutuluka m'maofesi kukajambula. Koma mphepo yokha tili nayo yokwanira kuti ukwati wa zoyera ndi nyali ukhale womveka.

Ndipo nyengo imeneyo dziko lathu lipereka zoyera zakezake. Ndi nthawi yothyola thonje kum'mawa, ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi. Nthambi ya thonje yosathyola, yokhala ndi makoko ake a bulauni ndi ubweya woyera utatuluka, ndi yokongola kuposa chilichonse cha pulasitiki cha ku Kamwala. Kunja anthu aigula m'masitolo a maluwa, ife tili nayo kumunda kwa amalume. Pemphani, mulipire mlimi moyenera, muike nthambi zitatu mu botolo ndi kandulo ya batire pambali. Zibalobalo za paini zili mbwee m'minda ya mitengo ya ku Copperbelt. Madoyilo aja amene amayi athu anali kuluka ndi koroshi nkuyala pa mipando ndi pa kabati, yang'anani bwino kalukidwe kake, ndi tinyenyezi ta chipale tenitenito. Achapeni, muwaumitse ndi sitachi, muwayale pansi pa mabotolo kapena muwapachike. Mu Mothers' Union iliyonse muli amayi odziwa kuluka, ndipo akhoza kuluka a timanja 6 mukawapempha nthawi ikalipo. Mtundu wamphamvu uja mwaupeza pa mpanda: poinsettia afiira m'miyezi yomweyi.

Chenjezo lili pa mbaula. Musalowetse mbaula ya makala m'tenti yotseka kapena mu holo yotseka mawindo pofuna kufunditsa alendo. Makala atulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha, wosaoneka, umene upha anthu chaka ndi chaka m'nyengo yozizira. Mbaula ikhale panja pamene mphepo ipita, munthu wamkulu aziiyang'anira. Ndiponso magetsi athu tiwadziwa. Timagetsi tanu tonse tikhale ta mabatire kapena ta sola, ndipo munthu mmodzi asunge mabatire apadera m'thumba, kuti magetsi akapita holo isakhale bii pakati pa kudula keke.

Tifike pa ndalama. Zokongoletsa zigwira ntchito maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Ngongole ya kaloba ikhala nanu miyezi, ikukula. Ndaona pamsika mitolo ya maluwa a pulasitiki ndi nsalu zonyezimira zikugulitsidwa pa mtengo wotaya sabata imodzi pambuyo pa ukwati, chifukwa lendi yafika. Akwati atsopano amene ayamba banja ndi kubisalira wobwereketsa ayambanso kulozana zala, uyu ati ndiwe unafuna siliva, uyu ati ndiwe unavomera. Ankhoswe nkuitanidwa mwezi woyamba pa mlandu wa mabotolo ndi maribhoni. Akomiti, ntchito yanu si kungosonkha. Lembani kaye chakudya, malo, zoyendera ndi za kutchalitchi, zokongoletsa zidye zotsala. Chimene mungabwereke musagule. Chimene mungapange ndi manja musabwereke. Ndipo inu amene muchita bizinesi ya deko, sindikulandani msika. Mkwatibwi akabwera ndi chithunzi chopitirira thumba lake, muuzeni zoona, mumuonetse chimene ndalama yake ikwanitsa. Kasitomala wotere abweranso ndi ang'ono ake.

Ukwati wa ku Kana, mu chaputala 2 cha Yohane, tiudziwa tonse. Mlembi atiuza amene anaitanidwa, atiuza chimene chinatha, awerenga mitsuko yamiyala ndi kukula kwake. Za mmene nyumba inakongolera sanenapo kanthu. Amayi a Ambuye anaona vuto la alendo ndi manyazi amene anali pafupi kugwera banjalo, ndipo thandizo linapita pamenepo. Ine ndiona kuti komiti yabwino ikhala ndi maso otero. Iyang'ana kaye ngati anthu adya, afunda, aonana, ndipo akwati sachita manyazi mawa lake.

Chomaliza, pangani tebulo limodzi loyesera sabata ziwiri usanafike ukwati. Yalani nsalu, ikani mbale zenizeni, makapu, mabotolo ndi nyali, muzimitse magetsi aakulu. Khazikani agogo mbali ina, mwana wa zaka zisanu mbali ina, muwapatse chakudya. Funsani agogo ngati akuona nkhope ya mwanayo ndi zimene zili m'mbale mwawo. Yang'anani chimene mwana ayamba kugwira ndi kuika m'kamwa. Chimene chalephera pamenepo chichotseni. Sankhaninso anthu anayi, mayina awo alembedwe, amene adzatsala kumasula ndi kulongedza phwando likatha, chifukwa nthawi imeneyo aliyense amakhala ndi chifukwa chothamangira. Mabotolo, timagetsi ndi madoyilo muike m'katoni, mupereke ku parishi kuti ukwati wotsatira usayambire pa ziro.

Inu amene munamanga ukwati m'nyengo yozizira, kuno kapena kunja, lembani pansipa chimene chinakuthandizani, ana athu aphunzirepo. Amene muli m'komiti sabata ino, tumizirani asungichuma anu ndi a matron. Ambuye adalitse onse amene akukonzekera kulowa m'banja, awapatse nzeru pa zogula ndi mtendere m'nyumba zawo.